Mankhwala ndi amodzi, wina wanenepa wina ayi: kodi ndi zakumtundu?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, konkuno ku Johannesburg, kwawo ku Ntcheu. Ndaifupikitsa ndipo dzina ndabisa. Mlongo wawo wa zaka 24, telala, anadwala chaka chatha: osagona, kumva mawu a anthu osaoneka. Anagonekedwa m'chipatala milungu itatu, natuluka ndi mapiritsi a olanzapine. Mutu unakhazikika, makina anayambanso kulira, koma m'miyezi isanu wachoka pa makilogalamu 62 kufika pa 76. Pakati pa usiku amadzuka kukapala mkute m'poto. Kutchalitchi kwawo kuli bambo wina amene akumwa mankhwala omwewo chaka chachitatu, thupi lili chomwecho. Mayi awo kumudzi ali ndi shuga. Ndiye mwini kalatayu akufunsa: "Kodi zimenezi n'zakumtundu? Ndilipire zoyezetsa DNA zimene ndikuziona pa Facebook? Kapena angosiya mankhwalawo?"

Achemwali, ndiyambe ndi funso lomalizalo. Asasiye. Matendawa akabwerera amabwera ndi mphamvu, ndipo mudzapezeka mukuthamanganso naye usiku ku chipatala. Kusintha kulikonse kuchitike ndi adokotala ake.

Njala imene mukuionayo si dyera. Olanzapine, pamodzi ndi mnzake clozapine, amatseka tizigawo tina ta mu ubongo timene timauza munthu kuti wakhuta, makamaka totchedwa H1 ndi 5-HT2C. Munthu amadya mbale yodzadza koma uthenga woti basi sufika. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CATIE, wa 2005, anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse omwa olanzapine, atatu anawonjezera thupi mopitirira 7 peresenti. Taonani chiwerengerocho: atatu, osati onse. Pamenepo ndi pomwe pagona funso lanu.

Inde, chibadwa chilimo. Asayansi amati majini, ndipo sindikunena majini aja amene asing'anga a kunyanja amatulutsa ndi lubani, ayi, ndikunena malangizo a mu DNA amene timatengera kwa bambo ndi mayi. Mu 2002, Gavin Reynolds ndi anzake analemba za odwala a ku China amene ankayamba kumene mankhwala a mtundu umenewu. Anapeza kuti kusiyana kwa chilembo chimodzi chokha pa jini ya HTR2C, yomwe imapanga kachigawo ka 5-HT2C kaja, kunkateteza ena kuti asanenepe kwambiri. Jini imeneyi ili pa mtolo wa majini wotchedwa chromosome X, umene mwana wamwamuna amalandira kwa mayi ake okha. Choncho pa nkhani ya jini imeneyi, mlongo wanu anatengera kuchikazi. Patapita zaka 10, mu 2012, gulu la Anil Malhotra ku New York linayeza ana ndi achinyamata amene ankamwa mankhwalawa koyamba, ndipo linaloza pafupi ndi jini ina, MC4R, yomwe inali yodziwika kale pa nkhani ya njala ndi kunenepa. Amene anatengera mtundu wina wake kuchokera kwa makolo onse awiri ananenepa kuposa anzawo m'milungu 12 yokha. Palinso jini ya leptin, uthenga umene mafuta a m'thupi amatumiza ku ubongo kuti nkhokwe yadzadza.

Kenako pali chiwindi, chomwe chimaphwanya mankhwala. Pano ndimanyadira pang'ono, chifukwa mu 1996 wasayansi wa ku Zimbabwe, Collen Masimirembwa, anafotokoza mtundu wa jini wotchedwa CYP2D6*17, wofala mwa ife anthu akuda a mu Africa, umene umachedwetsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Risperidone ndi haloperidol, mankhwala enanso a matenda omwewa, amadutsa njira imeneyo. Olanzapine amadalira njira zina, imodzi mwa izo ndi CYP1A2, ndipo iyi ili ndi kachinsinsi kake: utsi wa fodya umaifulumizitsa. Wosuta amakhala ndi mankhwala ochepa m'magazi kuposa wosasuta pa mlingo womwewo. Mwina bambo a kutchalitchi aja amakoka ndudu kuseri kwa garaja, ndani akudziwa. Sindikuti mlongo wanu ayambe kusuta, Mulungu aletse. Ndikungoti anthu awiri omwa piritsi limodzi sakhala ndi mankhwala ofanana m'thupi, ndipo wosuta amene akufuna kusiya auze adokotala kaye, chifukwa mankhwala amakwera m'magazi akasiya.

Nanga muyezetse DNA? Ine ndikuti ndalamazo sungani. Jini iliyonse mwa zimenezi imangokankha pang'ono, ndipo zimene kafukufuku wina wapeza, wina nthawi zina sazipeza. Komanso ambiri amene anayezedwa ndi azungu ndi anthu a ku Asia, pamene majini a anthu a mu Africa ndi osiyanasiyana kuposa a kontinenti ina iliyonse. Ntchito yodzaza mpata umenewu ikuchitika, ina konkuno ku yunivesite ya Wits, ku Sydney Brenner Institute, koma siinafike poti pepala la ku labu liuze dokotala piritsi loyenera Mngoni wa ku Ntcheu kuti asanenepe. Ndipo tinene zoona: pepalalo likanakuuzani kuti mlongo wanu angathe kunenepa, pamene lamba wake wanena kale. Shuga wa amayi anu ndi chenjezo lomveka kuposa pepala, ndipo mwalipeza ulele. Mukawauze adokotala zimenezo, alembe mu fayilo.

Chida chimene mukufunika chili kale m'khosi mwake tsiku lonse: tepi ya telala. Azidziyeza pamimba, pa mchombo, m'mawa asanadye, kamodzi pa mwezi, n'kulemba kumbuyo kwa khadi la ku kiliniki pamodzi ndi makilogalamu. Kwa mwamuna, kupitirira masentimita 94 ndi chizindikiro choti mafuta a m'mimba achuluka, ndipo mafuta amenewo ndi amene amakoka shuga ndi BP. Malangizo a madokotala amati woyamba mankhwalawa ayezedwe shuga, mafuta a m'magazi ndi BP poyamba, pakatha miyezi itatu, kenako shuga ndi BP chaka chilichonse, ndipo thupi likakwera ndi 5 peresenti aganizire zosintha mankhwala. Mlongo wanu wadutsa 20 peresenti. Pamzere wa ku kiliniki anesi amakhala ndi anthu ambiri, ndiye ngati simupempha, mukhoza kungolandira mapiritsi n'kubwerera. Pitani naye, muonetse manambala.

Adokotala ali ndi njira zingapo. Angathe kumusinthira ku mankhwala osanenepetsa kwambiri monga aripiprazole, angathe kuonanso mlingo, kapena kuwonjezera metformin, piritsi lomwe mwina amayi anu akumwa la shuga, lomwe limathandizanso kuchepetsa kunenepa kotereku. Akhozanso kunena kuti olanzapine ndiye wamugwira bwino ndipo asamusunthe. Ngati amamwanso ma ARV, anene, chifukwa kafukufuku wa ADVANCE wochitikira konkuno ku Johannesburg anaonetsa mu 2019 kuti dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, nayenso amawonjezera thupi.

Chinthu chimodzi musachidikirire tsiku la kiliniki: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kufooka, kapena kuonda mwadzidzidzi. Pamenepo ndi chipatala tsiku lomwelo. Shuga amatha kukwera ngakhale mwa munthu amene sananenepe, choncho bambo a kutchalitchi nawonso asadzitame, akayezetse.

Kunyumba, musalimbane naye pa mkute. Njala ya usiku ibwerabe, ndiye m'potomo azipezamo nyemba, kabichi kapena dzira lowiritsa m'malo mwa nsima yotsala. Botolo la Coke la malita awiri lija lichoke pafupi ndi makina, amagwinya a pa spaza akhale a Loweruka lokha, ndipo madzulo aziyenda wapansi ndi inu kapena mnzake.

Vuto lina lili kumudzi. Mwalemba kuti mutatumiza chithunzi chake pa WhatsApp, azakhali anayankha kuti "Joni yamuyanja mwanayu." Musawatsutse pagulu. Koma mukamaimbira amayi, afunseni kuti shuga wawo anayamba ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati amalume ake a mnyamatayu alinso nawo. Mayankhowo mupite nawo kwa adokotala.