Yankho kwa alamu pa nkhani ya mafuta ndi mimba

Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti anthu akukuuzani kuti musiyiretu mafuta poti ndinu oyembekezera, ati mwana angadzakhale wonenepa n'kudzadwala shuga akadzakula. Kulemba kundichedwetsa, bola ndingolankhula.

Ayi, musasiye. Mafutatu ali mitundumitundu. Ubongo ndi maso a mwana zimafuna mafuta otchedwa DHA, ndipo mwanayo amawakoka kwambiri kwa inu miyezi itatu yomalizayi. Amenewo ali mu nsomba. Usipa, utaka, matemba, zomwezi timazidererazi. Mukadzabereka ndi chimodzimodzi, mtundu wa mafuta a mu mkaka wa m'mawere umatengera zomwe mayi akudya. Ndiye kansomba kawiri katatu pa sabata, masamba otendera, peyala nyengo yake ikafika. Mtedza wa nsinjiro wokhawo muzisankha bwino, wachuku tayani. Mafuta ophikira a m'botolo kwathu kuno amathiramo vitamini A, kasupuni mu ndiwo sikolakwa.

Komano anthuwo sakungobwebweta ayi. Ku Oregon, ku America, akatswiri ankadyetsa anyani aakazi chakudya chamafuta ochuluka tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2009 anaulutsa zomwe anapeza. Ana a anyaniwo anali ndi mafuta m'chiwindi asanabadwe n'komwe, ngakhale kwa amayi amene sananenepe. Eeh, thupi la mwana limayamba kuzolowera m'mimba momwemo kasungidwe ka mafuta ndi shuga. Ndiye zapachiwaya zija, mafuta ake akuda bii, obwerezabwereza kuyambira dzana, tchipisi, zibwente, mandasi, nkhumba yonona, zimenezo ndiye chepetsani. Kulawa Loweruka si nkhani, koma zisasanduke nkhomaliro yanu.

Kudzimana chakudya poopa mwana wamkulu ndiye ndikukanizani ndithu. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa mu 1944 mpaka 1945, nkhondo ili mkati. Ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo atakula, matupi awo ankavutika ndi shuga kuposa anzawo.

Mukapita ku sikelo pemphani akuyezeni shuga, makamaka poti amayi anu amadwala matendawa. Shuga wa mayi akakwera ndi amene amakulitsa mwana mpaka kupitirira makilo anayi. Achimwene, ndikudziwa mukumvetsera muli phee. Mwezi ukatha usipa ugulidwe, musadikire kukumbutsidwa.