Zomwe adalonjeza sizikubwera: ndidikire kapena ndisamuke?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndikukonzera kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza pulogalamu ya pa intaneti yolembera malonda. Mashopu ake ali ku Mitundu, Nsundwe ndi Kasiya, komwe netiweki imavutavuta. Ndidasankha pulatifomu (maziko okonzedwa kale omangirapo mapulogalamu) yolipira pamwezi chifukwa eni ake adalonjeza kuti pakatha miyezi 3 izidzagwira ntchito popanda intaneti komanso kulandira ndalama za pafoni. Pano yakwana miyezi 8, kuli zii, ndipo mvula yayandikira. Ndidikirebe kapena ndisamuke? Ndine mchimwene wanu wa ku Area 25.

YANKHO: Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Pulatifomu muziiyeza ndi zomwe ikuchita lero. Zolembedwa pa roadmap, mndandanda wa zomwe akulonjeza kudzapanga, ndi zofuna chabe za eni ake, simungawasumire nazo. Ngakhale akuluakulu zimawakanika: PHP 6, version ya chilankhulo cholembera mapulogalamu cha PHP, idayembekezedwa kwa zaka zingapo kuti ibweretsa Unicode (njira yosungira zilembo za zilankhulo zonse), ntchitoyo idasiyidwa mu 2010, ndipo yomwe idadzatuluka mu 2015 ndi PHP 7.

Yambani ndi kufufuza ngati ntchitoyo ikuchitikadi. Tsegulani changelog, mndandanda wa zomwe asintha, muone zomwe zatuluka m'miyezi 6 yapitayi. Ngati pali beta (version yoyesera) yoti mungaiyese ndi manja anu, chiyembekezo chilipo. Ngati tsiku lasunthidwa kawiri ndipo mukafunsa amangoti "posachedwapa", werengani kuti chinthucho kulibe. Alembereni kalata yowafunsa tsiku ndi nambala ya version. Akazemba, mwayankhidwa.

Kenaka musamange mtolo umodzi malonjezo awiriwa, chifukwa kulemera kwake n'kosiyana.

Za ndalama za pafoni n'zopepuka. Bola pulatifomuyo imalola kuitana API yakunja (khomo lolankhulirana mapulogalamu) ndi kulandira webhook (uthenga womwe pulogalamu ina imatumiza yokha chinthu chikachitika), mutha kulemba kapulogalamu kanu kapadera kolumikizana ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, mwachindunji kapena kudzera ku kampani yololedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: uthenga wotsimikiza malipiro umatha kufika kawiri, kapena osafika n'komwe. Sungani nambala ya malipiro alionse ndipo database izikana nambala yobwereza. Omwe sadatsimikizike, pulogalamu izikawafunsanso pakapita mphindi zingapo.

Kugwira ntchito popanda intaneti ndiye nkhani yaikulu, chifukwa si chinthu chomata pamwamba ngati penti. Chimakhudza maziko. Pamafunika service worker, kapulogalamu kosunga masamba m'foni, IndexedDB, database ya m'foni yosunga malonda, ndi mzere wa zodikira kutumizidwa netiweki ikabwera. Povuta penipeni ndi apa: m'shopu mwatsala matumba 10 a feteleza, ogulitsa awiri aliyense ndi foni yake agulitsa 7, onse ali opanda netiweki. Mafoniwo akamatumiza "zotsala", womaliza kutumiza amafufuta za mnzake, mabuku n'kuonetsa matumba 3 omwe kulibe. Choncho foni izitumiza chochitika, "ndagulitsa 7", ndipo seva ndiyo iziwerengera zotsala n'kuchenjeza zikapitirira. Risiti iliyonse ikhale ndi UUID (nambala yaitali yosafanana ndi ina) yopangidwa m'foni momwemo, apo ayi nambala zidzawombana. Musadalirenso wotchi ya foni, imatha kukhala yolakwika. Pulatifomu yotseka, yosakulolani kukhudza zigawo zimenezi, simungaikonzere nokha. Ngati yanu ili choncho, samukani.

Musanasamuke, yesani khomo lotulukira lero lomwe. Tulutsani data yonse ngati fayilo ya CSV kapena SQL, muilowetse mu database ya PostgreSQL kapena MySQL pa kompyuta yanu. Werengani mizere mbali zonse ziwiri, muonenso ngati risiti iliyonse ikulozabe kwa kasitomala wake. Zithunzi ndi mapasiwedi kawirikawiri sizituluka nawo. Khomoli limafunika ngakhale pomwe zinthu zili bwino: Facebook idatseka pulatifomu yake ya Parse mu 2017, ndipo pulatifomu ya Heroku idathetsa gawo lake laulere mu 2022.

Kopita, ife tingasankhe Laravel kapena Django, zida zomangira mapulogalamu (yoyambayo ya PHP, inayo ya chilankhulo cha Python), pa seva yomwe mungaisinthe mukafuna. Zida ziwirizi n'zaulere, ndipo odziwa PHP ndi Python savuta kupeza mu Lilongwe muno inu mukadwala kapena mukapeza ntchito ina. Django imatulutsa version ya LTS (yosamaliridwa nthawi yaitali) zaka 2 zilizonse n'kuisamalira zaka 3, 5.2 idatuluka mu 2025. Laravel imatulutsa version yaikulu chaka chilichonse, ndipo zigamba za chitetezo zimabwera kwa zaka 2, kotero muziika kale ndalama yokwezera mu bajeti. Bilu yolipira m'madola nayo muiwerengere: kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu 2023, bilu ya pamwezi idalumpha popanda chatsopano chilichonse chowonjezeredwa.

Dzipatseni masabata 2 oyesera, osamanga zonse ayi, koma chovuta chokhacho: tsamba limodzi logulitsira, pa foni ya Android yotsika mtengo ngati zomwe ogulitsawo ali nazo. Zimitsani data, lembani marisiti 50, zimitsani foniyo n'kuiyatsanso, kenaka yatsani data muwerenge omwe afika pa seva. Akafika 49, musapitirire mpaka mutapeza komwe kwasochera imodziyo.

Poti nyengo yogulitsa yafika, musasamutse mashopu onse tsiku limodzi. Yambani ndi shopu imodzi, buku la marisiti likuyenda pambali kwa mwezi wathunthu, ndipo madzulo alionse muzifananiza ziwirizo. Auzeninso eni kampani ya mbewuyo sabata ino, molemba, zomwe zidzakhalepo mvula ikamagwa ndi zomwe zidikire mpaka anthu atakolola.