Mwana alembe mayeso a AP kapena ayi?

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wanu amene ali ku sekondale kuno ku America alembe mayeso a AP (Advanced Placement), aja a maphunziro osiyanasiyana a mulingo wa kukoleji amene ana amalemba akadali ku sekondale. Ine ndikuti alembe ndithu, koma osati onse ayi. Amalemba mu May, magiredi ake ndi 1 mpaka 5, ndiye akapeza 3 kupita m'mwamba makoleji ambiri amamuwerengera ngati kosi ina ya chaka choyamba wathana nayo kale, fizi ija imachepako. Mayunivesite otchuka aja amafuna 4 kapena 5, ena sawerengera n'komwe, ndiye yambani mwaona pa webusaiti ya sukulu imene akuifunayo. Pepala limodzi ndi pafupifupi madola 100, koma ndalama zikavuta kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulupo, College Board, bungwe loyendetsa mayesowa, imatsitsa mtengo. Angosankha awiri kapena atatu amene amawakonda, asadzipanikize mpaka kusowa tulo.