Mwana akuti aphunzitsi sakuphunzitsa: kodi udokotala amauphunzira chonchi?

Mayi ena afunsa kuti: "Mwana wanga wayamba sukulu ya udokotala, koma akudandaula kuti sawalembetsa manotsi. Amangowapatsa nkhani ya wodwala n'kuwasiya azikambirana okha. Kodi pamenepa akuphunzira?"

Akuphunzira ndithu, mayi. Sukuluyi ikufuna kutulutsa munthu amene angasiyidwe ndi wodwala usiku popanda nkhawa: wodziwa kufunsa mbiri ya matenda, kupima thupi, kuganizira chimene chavuta, kuyamba chithandizo, ndi kuzindikira nthawi yoitana dokotala wamkulu. Mankhwala ndi malangizo a chithandizo amasinthasintha, choncho munthuyo ayeneranso kuzolowera kudzifufuzira yekha.

Kale njira yofala inali imene katswiri wa zamaphunziro Abraham Flexner anailimbikitsa mu 1910 ku America ndi ku Canada: zaka ziwiri za sayansi m'kalasi ndi mulabu, kenako zaka ziwiri m'chipatala. Vuto lake, ophunzira ankafika pabedi la wodwala zambiri ataiwala. Njira imene mwana wanu akunena imatchedwa PBL (problem-based learning, kutanthauza kuphunzira pofufuza vuto la wodwala), ndipo inayamba pa yunivesite ya McMaster ku Canada mu 1969. Sukulu zambiri lero zimaphatikiza njira ziwirizi.

Imayenda chonchi. Gulu la ophunzira 8 kapena 10 limapatsidwa pepala: bambo wa zaka 55, akagona chagada akubanika, mapazi atupa. Amatola mfundo zofunika n'kuyamba kukangana: ndi mtima, impso kapena chiwindi? Pamene agoma amalemba pabolodi, monga funso lakuti, mtima ukafooka madzi amadzaza bwanji m'mapapo? Aliyense amakawerenga payekha, ndipo pakapita masiku angapo amakumananso kudzafotokozerana. Mphunzitsi amakhalapo, koma yake ntchito ndi kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" ndi kubweza gulu likasochera. Mapangidwe a mtima, kagwiridwe ka impso ndi mankhwala okodzetsa zimalowa m'mutu zitamangirirana pa bambo mmodzi uja, ndipo zotero siziiwalika msanga.

Njirayi ili ndi misampha yake. Woyamba ndi kugawana mafunso, uyu lake uyo lake, kuti ntchito ichepe. Zikatero aliyense amadziwa kachidutswa kamodzi, pomwe mayeso adzafunsa zonse. Wachiwiri ndi kukhala chete, anthu awiri olongolola n'kumayankhula okha. Wachitatu ndi wobisika: nkhani za odwala sizikhudza fupa lililonse kapena mtsempha uliwonse, ndiye anatomy (mapangidwe a thupi) ndi biochemistry (kagwiridwe ka makemikolo a m'thupi) zimatsala ndi mipata. Mwana atenge ndandanda ya zolinga za phunziro lililonse, azichonga sabata ndi sabata. Ana amene anazolowera kuloweza mayeso atayandikira ndi amene amavutika kwambiri chaka choyamba, pakuti zowerenga n'zochuluka moti usiku umodzi sukwana.

M'zaka za kutsogolo kalasi imasamukira kuwodi. Amakhala masabata angapo ku matenda a akuluakulu, kenako ku maopaleshoni, kwa ana, kwa amayi oyembekezera, ku matenda a maganizo ndi ku zaumoyo wa anthu m'madera. Wophunzira amapatsidwa wodwala, amapempha chilolezo, amamufunsa, amamupima, n'kukafotokoza kwa dokotala wamkulu m'mphindi zochepa pamaso pa anzake. Amasunganso kabuku kosainitsa zimene wachita ndi manja ake: kutenga magazi, kuika diripi, kusoka bala, kubeleketsa. Wosainitsa zimene sanachite amadzaonekera tsiku limene mtsempha wa mwana wodwala ukusowa iye ali yekha. Kufunsa bwino musakupeputse. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 1975 anapeza kuti pa odwala 80, matenda a anthu 66 anadziwika kuchokera pa kalata yowatumizira kuchipatala ndi mbiri yokha, asanapimidwe n'komwe.

Mayeso nawo amatsata cholinga chomwecho. Kupatula olemba, pali OSCE, mayeso oonetsa luso pochita, amene Ronald Harden wa ku Dundee ku Scotland ndi anzake anawafotokoza mu 1975. Wophunzira amazungulira zipinda zingapo, chilichonse mphindi 5 mpaka 10, belu likalira apite kwina. M'chipinda china apime mimba, m'china auze munthu wochita ngati wodwala uthenga wowawa. Woyesa amachonga ngakhale zooneka zazing'ono: wasamba m'manja? Wadzitchula dzina? Wapempha asanavule wodwala malaya? Ana anzeru amagwa pamenepa chifukwa anawerenga osayeserera. Aziyeserera atatuatatu, wina dokotala, wina wodwala, wina atagwira wotchi.

M'mayiko ambiri maphunzirowa amatenga zaka 5 kapena 6, kenako chaka chimodzi kapena ziwiri akugwira ntchito moyang'aniridwa. Akabwera kutchuthi, m'malo mofuna kuona manotsi, mufunseni akufotokozereni m'mawu oti inu mumve chifukwa chake mapazi a bambo uja anatupa. Akakakamira pa mawu a m'buku, abwerere akawerengenso.