Achemwali, za fomu ya ndege ija

Achemwali, mwaswera bwanji uko ku Nkhotakota? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa Kamuzu Road kusaka chingwe cha chaja, foni inali itathima. Funso lanu ndalimva, chithunzi chija ndachionanso. Mukuti mphwangayo wachezera usiku wonse pa laputopu, akulimbana ndi fomu yodzaza zilembo ndi manambala, ikumukana, ndiye inu mtima uli m'mwamba kuti mwina ndi akuba a pa intaneti aja, kapena mwana akufuna kuthawira ku Joni osatsanzika. Hahaha. Ayi, khazikani mtima pansi. Palibe tambala imene ikutuluka pamenepo kupatula bandulo, ndipo bandulo yokhayo ndiye muzimuwerengera ndithu.

Chimene walowacho ndi VATSIM. Ndi gulu la anthu a m'maiko osiyanasiyana, linayamba mu 2001, ndipo pali linzake lotchedwa IVAO la mu 1998. Wina amakhala pa kompyuta yake akuulutsa ndege, wina ali kwawo ku Nairobi kapena ku London akugwira ntchito ya anthu a pa nsanja ya bwalo la ndege aja, ma controller, n'kumalankhulana pa wailesi. Ndegezo n'za mu kompyuta, koma anthuwo ndi enieni, ndipo amatsata malamulo a ndege zenizeni. Kulembetsa n'kwaulere, amangofuna dzina lako lenileni ndi timayeso pang'ono ta malamulo awo.

Tsono fomuyo amati flight plan. Inu mwakulira kunyanja, muimva msanga. Alamu akamalowa m'madzi madzulo kukasaka usipa, sachoka chinunu. Amanena pa dooko kuti tili angati m'boti, talowera mbali iti, petulo tatenga wochuluka bwanji, mutiyembekezere nthawi yanji, ndipo mwera ukavuta tikakocheza gombe liti. Fomu ija ndi zomwezo basi. Kungoti bungwe loona za ndege pa dziko lonse, ICAO, linakonza kalembedwe kamodzi, kuti wa ku Lumbadzi ndi wa ku Addis Ababa aziwerenga mofanana ngakhale samvana chilankhulo.

Mupatseni foniyo amvere yekha.

Iwe, ndaona zimene walemba. Ndege: BOEING 737. Kochokera: NKHOTAKOTA. Kopita: JNB. Nthawi: 2000. Pa callsign waikapo dzina lako ndi la agogo ako. Mphwanga, Boeing pa kabwalo ka Nkhotakota? Ukagwetsa mitengo ya mango ya anthu. Ndipo ngakhale fomu ikanakulola, controller akakuuza kuti kwera mwakuti, khota mwakuti, tsata njira yakuti, ukanatha? Fomu imeneyi ndi lonjezo. Chilichonse walembapo, munthu wina akukhulupirira kuti uchichita, ndipo ndege zina akuzikonzera malo potengera mawu akowo. Choncho lemba zimene manja ako angathe lero. Fufuta zonse, titenge ka Cessna, tinyamuke pa Salima pano kupita ku Lilongwe. Ine ndinayambira pomwepo.

Callsign ndi dzina limene akuitanire pa wailesi, ndipo lisapitirire zilembo ndi manambala 7. Ndege za ku Malawi nambala yake imayamba ndi 7Q, ndiye lemba 7QABC, popanda kamzere pakati. Pa wailesi uziti Seven Quebec Alpha Bravo Charlie. Uyeserere kulitchula uli kubafa mpaka lilime lizolowere, chifukwa tsiku loyamba pakamwa pamauma. Tsiku lina ukadzakula n'kumaulutsa ya Malawi Airlines, udzayamba ndi MWI kenako nambala ya ulendo. Ya Ethiopian ndi ETH, ya Kenya Airways ndi KQA.

Pa flight rules sankha V, kutanthauza VFR, kuuluka ukuona pansi ndi maso ako: msewu uwo, mtsinje uwo, phiri ilo. I ndi IFR, ya ouluka ndi zipangizo m'mitambo, imeneyo isiye kaye. Fomu ikafunsa mtundu wa ulendo ika G. Mtundu wa ndege salemba dzina lonse, pali kalembedwe kake: Cessna 172 ndi C172, Boeing yako ija ikanakhala B738, Q400 ya mapiko m'mwamba ija ndi DH8D. Pambali pake pali kabokosi ka wake, za mphepo yamkuntho imene ndege imasiya m'mbuyo. Yosapitirira makilogalamu 7,000 ndi L, yapakati ndi M, kuyambira 136,000 ndi H. Iwe ndi L. Controller amayang'ana pamenepo kuti asakuike kumbuyo kwenikweni kwa chindege chachikulu, ungakunkhunizike ngati bwato lodutsidwa ndi Ilala.

Equipment anthu amangokopera za anzawo, chimzere chachitali ngati njanji, osadziwa kuti akulonjeza chiyani. Iwe ika S ndi G. S ndi wailesi pamodzi ndi VOR ndi ILS, zipangizo zokulondolera njira ndi potera, G ndi GPS. Pa transponder, kachipangizo koonetsa controller pamene ndege yako ili, ika C, kapena S ngati ndege yako ili nayo. Kwatha. Ukaika W ndiye kuti ukunena kuti ndege yako ndi yololedwa kuuluka pakati pa mafiti 29,000 ndi 41,000 pomwe ndege zimapanikizana, pamene ka Cessna sikafika n'komwe theka la pamenepo.

Dikirani kaye, pali wina akugogoda.

Eya, ndabwera. Anali a chiwaya, ndinaiwala chenji. Tinali pati? Eya, mabwalo a ndege. Apa ndi pomwe fomu inakufiirira. JNB, LLW, BLZ, zilembo zitatuzo ndi za pa tikiti ndi pa chikwama. Fomu iyi imafuna zilembo zinayi, ndipo za kwathu zonse zimayamba ndi FW. Kamuzu International Airport ndi FWKI, Chileka FWCL, Mzuzu FWUU, Karonga FWKA, Likoma FWLK, Salima FWSM, kwanuko FWKK. Joni yako ija, OR Tambo, ndi FAOR. Ndiye kochokera lemba FWSM, kopita FWKI.

Nthawi tsopano. Apa tchera khutu, ineyo pandekha panandigwetsa. Ndege sizidziwa nthawi ya ku Malawi. Dziko lonse limagwiritsa wotchi imodzi, UTC, ena amati Zulu, ndipo ife tili patsogolo pake ndi maola awiri. Ukafuna kunyamuka 8 koloko usiku, yomwe ndi 2000 kwathu, pa fomu ulemba 1800. Chotsa awiri, nthawi zonse, dzinja ndi chilimwe, ife sitisintha mawotchi ngati a ku Ulaya. Ulendo wanga woyamba ndinalemba nthawi ya pa foni, controller wa ku South Africa n'kundilembera mwaulemu kundifunsa ngati ndikhaladi pa bwalo maola awiri injini ikulira. Ndinachita manyazi ndili ndekhandekha m'chipinda. Ndipo popeza amayi ako akuti sugona: 1 koloko usiku kwathu ndi 2300 ya dzulo lake. Ndiye pa DOF, pomwe amalemba tsiku, chaka poyamba kenako mwezi kenako tsiku, manambala awiriawiri, uika la dzulo. Nthawi imeneyi ndi yochotsera ndege pamalo yaimapo, osati yodzukira m'mwamba.

Liwiro amayeza mu ma knot, kutanthauza ma nautical mile pa ola, ndipo nautical mile imodzi ndi makilomita pafupifupi awiri. Ka Cessna kamayenda cha m'ma 110. Fomu zina umangolemba 110, koma pa kalembedwe ka ICAO zimaoneka N0110. Kutalika kwake amayeza m'mafiti. Achemwali, ngati mukumvabe, ndati mafiti oyezera, osati afiti a pa lichero aja, amenewo sadzaza fomu. Hahaha.

Za kutalikazi ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe kwathu kuno kumapusitsa. Manambalawo amawerengera kuchokera pa nyanja ya mchere, osati pa dothi limene wapondapo. Nyanja yathuyi payokha ili kale pamwamba ndi mafiti oposa 1,500. Bwalo la ku Lumbadzi lili cha pa 4,000. Ndiye ukanyamuka pa Salima n'kulemba 3,000 poganiza kuti wakwera kwambiri, ndiye kuti ukupita ku Lilongwe kudzera pansi pa nthaka. Ukudziwa mmene minibasi imaliriramo pokwera zitunda za ku Mvera, mpaka makutu kutseka. Zitunda zomwezo ndi mapiri a ku Dowa zikukudikira m'mwambamo. Kenako pali lamulo loti ndege zisakumane mphuno ndi mphuno. Wolowera chakum'mawa, kampasi ikamaonetsa 0 mpaka 179, amatenga masauzande osagawika pawiri, 5,000, 7,000, 9,000. Wolowera chakumadzulo, 180 mpaka 359, amatenga 6,000, 8,000, 10,000. Wa VFR amaonjezapo 500. Lilongwe ali kumadzulo kwa Salima, ndiye iwe lemba 6500, kapena A065 ngati fomu ikufuna choncho. Pobwerera utenga ya mbali inayo. Mmene timayendera kumanzere pa msewu popanda wapolisi kutiuza, ndi chimodzimodzi.

Pa route lemba DCT, kutanthauza molunjika. Kuchoka FWSM kufika FWKI ndi pafupifupi ma nautical mile 47. Pa liwiro la 110 ndi mphindi 26, ukaphatikiza kukwera zitunda zija tinene theka la ola, ndiye pa nthawi ya ulendo lemba 0030. Taganizani, Achemwali, ulendo womwe pa M14 umatidyera maola awiri kondakitala akupakira matumba a makala.

Alternate ndi gombe lina lija ndanena, kothawira ngati kopita kwatsekeka. Lilongwe ikagwa mvula ya mabingu ya mu January, ubwerera kuti? Lemba FWSM, kwanu n'kwanu. Osalemba Chileka chifukwa choti ndi bwalo lalikulu lomwe ukulidziwa, n'kutali, ndipo masiku a chiperoni n'komwe kumayamba kutsekeka. Pulogalamu youlutsira ndegeyo ukaiika pa nyengo yeniyeni imakupatsa mitambo ndi mphepo ya tsiku lomwelo, mwera ukamaomba panja umakukankhanso mu kompyutamo.

Endurance si malita, ndi maola amene mafuta ako angakusunge m'mwamba. Wadzaza matanki a Cessna, lemba 0400. Nambala imeneyi izikhala yoposa ya ulendo, kuphatikiza ya kothawira, kuphatikizanso mphindi 30 zapadera masana kapena 45 usiku. Ndinaonapo munthu atalemba ulendo wa maola atatu, mafuta a maola awiri. Pa ndege zenizeni kabokosi kameneka komanso ka chiwerengero cha anthu okwera ndi timene ofunafuna amayang'ana ndege ikasowa, kuti adziwe ingakhale itafika patali bwanji ndipo akusaka anthu angati. Ndiye ngakhale ali masewera, ine sindilembapo zachibwana.

Kwatsala remarks, ndipo kwa iwe ndi kofunika kuposa onse. Usankha V ngati ulankhula ndi kumva pa wailesi, R ngati ungomvera koma uziyankha polemba, T ngati zonse n'zolemba. Ndi netiweki ya kwanuko, komanso ndi mantha a tsiku loyamba, yamba ndi R, palibe akuseke. Kenako lembamo m'Chingerezi mawu awiri atatu oti ndiwe watsopano, alankhule pang'onopang'ono. Ma controller ambiri akaona zimenezo amafatsa nawe. Amene amawakwiyitsa ndi uja walemba fomu ya katswiri koma akulephera kukhota kumanzere.

Ukatumiza fomu, ulumikize ndege ndi callsign yomweyo, chilembo ndi chilembo, apo ayi fomu ikhala kwina iwe kwina. Wa Microsoft Flight Simulator amalumikiza ndi vPilot, wa X-Plane ndi xPilot. Ndipo chonde, usalumikize ndege ili pa runway, msewu wonyamukira ndi kutera ndege uja, yamba uli poimika ndege. Pa transponder usayerekeze kuika 7500, ndi nambala yoti ndege yalandidwa ndi zigawenga, ku VATSIM n'koletsedwa, akuchotsa pomwepo. Masiku ambiri upeza kuti ku Malawi kulibe controller aliyense, mlengalenga muli zii. Usati ndiye fomu ilibe ntchito. Tchera wailesi pa 122.800, unene pamenepo kuti ndine wakuti, ndikunyamuka pakuti, ndikulowera kwakuti. Ena akukuona pa mapu ndipo akuwerenga zomwe walemba.

Za Joni sindikukukaniza. Idzafika nthawi yake: B738, M, IFR, kuchokera FWKI osati kwanuko, ndipo poti ndi chakum'mwera chakumadzulo udzatenga F340 kapena F360, kutanthauza mafiti 34,000 kapena 36,000. Njira yake sudzapeka m'mutu, pali SimBrief, yaulere, imakuwerengera njira ndi mafuta n'kukudzazira fomu yonse. Koma ndikakupatsa lero, uzingodina osadziwa chomwe watumiza. Komanso ndi maola awiri ndi kanthu uli pampando, ndiye uyambe waona kaye ngati batire ya laputopu ingapirire magetsi akathima. Ine anandithimira ndikuona kale magetsi a pa runway, ndinangokhala mu mdima ngati wofedwa. Ukamaliza ya Lilongwe kawiri katatu, yesa FWKK kupita FWLK wekha. Likoma ali kumpoto chakum'mawa kwa inu, ndiye undiuze kutalika komwe ulembe, ine sindikuuza.

Achemwali, Loweruka mumulole mpaka 9 koloko, homuweki atamaliza. Iwe, 8 koloko ndikupeza pa FWSM, ine ndidzakhala pambali pako ndi ka Cessna kanga, ndipo fomuyo unditumizire chithunzi usanadine. Pa nthawi ulemba chiyani? Moni kwa alamu, muwauze usipa wouma uja watha kuno.