Kamera yolowa m'thumba: yankho kwa mayi amene foni yawakhumudwitsa

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti mwana wawo amasewera mpira m'timu ya pasukulu, koma akamujambula ndi foni amangooneka ngati kadontho pakati pa bwalo, ndipo akayesa kumukokera pafupi chithunzicho chimachita mbuu. Akufuna kamera yaing'ono yoti aziyenda nayo m'thumba, ya mtengo woti angaufikire. Pa intaneti apezapo ina yatsopano, yotchipa zedi, yolembedwa kuti ili ndi mamegapikiseli 48 (megapikiseli imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi) ndipo imajambula vidiyo ya 4K, ngakhale kuti dzina la kampani yake sanalimvepo. Akufunsa ngati agule.

Mayi, imeneyo isiyeni. Ndi chikomekome cha mkuyu. Makamera ambiri amtundu umenewo ali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaing'ono kwambiri, ndipo mamegapikiseli olembedwa pabokosiwo amabwera chifukwa pulogalamu ya m'kati imangofutukula chithunzi chaching'ono kuti chikule. Lenzi yake sisuntha n'komwe, choncho zoom (kukokera chinthu pafupi) imene amatamayo ndi ya digito, yofanana ndendende ndi imene yakukhumudwitsani pa foni: imadula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, osawonjezerapo kanthu. Mukhala mutataya ndalama, mwana wanu adakali kadontho.

Nkhani ya mamegapikiseli isakusowetseni tulo. Kuti mutsukitse chithunzi chabwino cha masentimita 10 kwa 15, mamegapikiseli ongopitirira pang'ono 2 amakwana. Cha pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 9. Kamera ya mamegapikiseli 12 kapena 16 ya kampani yodziwika idzakukwanirani mpaka kalekale.

Zimene zimasiyanitsadi makamera ang'onoang'ono ndi ziwiri, sensa ndi lenzi, ndipo ziwirizi zimalimbirana malo m'kabokosi kamodzi. Sensa ndi kachipangizo kamene kamalandira kuwala. M'makamera ambiri a m'thumba ndi ya kukula kumene amati 1/2.3, kutanthauza mamilimita pafupifupi 6 kwa 4.5. Palinso imene amati ya inchi imodzi, ya mamilimita 13.2 kwa 8.8, yomwe malo ake ndi aakulu pafupifupi kanayi. Yaikuluyi imatola kuwala kochuluka, n'chifukwa chake zithunzi za madzulo ndi za m'nyumba zimatuluka zoyera bwino, zopanda timadontho tangati mchenga. Sony inabweretsa sensa yotereyi m'kamera ya m'thumba mu 2012 ndi RX100, kenako Canon inatulutsa PowerShot G7 X mu 2014. Ine makamera awiriwa ndimawakonda kwambiri, ndipo mukanandiuza kuti mumajambula kwambiri m'nyumba kapena dzuwa litalowa, ndikanakulozerani kumeneko osazengereza. Koma sensa ikakula, lenzi yofika patali imayeneranso kukula, ndiye kuti kamera ikwane m'thumba amaifupikitsa zoom. Ya RX100 yoyamba sifika n'komwe kanayi. Mwana amene ali kutsidya la bwalo simumupeza nayo.

Vuto lanu ndi mtunda, ndipo mpira wa ana nthawi zambiri umaseweredwa masana kuwala kulipo kokwanira. Ndiye kwa inu sensa yaing'ono si mlandu. Chimene mukufuna ndi zoom yeniyeni ya magalasi, imene pabokosi amalemba kuti optical zoom. Yang'anani Panasonic Lumix za mtundu wa TZ, zimene ku America zimatchedwa ZS, monga TZ70 kapena TZ90, zomwe zimakoka maulendo 30. Sony HX90V ya 2015 imakokanso maulendo 30, pomwe Canon PowerShot SX740 HS ya 2018 imafika 40. Pakati pa amenewa mtima wanga uli pa Panasonic ndi Sony, pa chifukwa chimene anthu ambiri sachiganizira m'sitolo: ali ndi kagalasi koikapo diso pojambula. Padzuwa lamphamvu sikirini siioneka bwino, ndipo kutsatira mwana wothamanga mutatambasula manja n'kovuta. Kamera ikagunda kumaso, manja sanjenjemera kwambiri. Onetsetsaninso kuti ili ndi njira yoletsa kugwedezeka, imene Panasonic amati O.I.S., Sony amati SteadyShot, ndipo Canon amati IS, chifukwa mukakoka patali choncho, kupuma kwanu komwe kumaonekera pachithunzi. Ngati ndalama zingalole, Lumix TZ100 ya 2016 ili pakatikati: sensa ya inchi imodzi ndi zoom ya maulendo 10.

Mwina mwaona kuti onsewa ndi akalekale. Si mwangozi. M'chaka cha 2010 makampani a ku Japan anatumiza pamsika makamera a digito oposa 120 miliyoni, koma mafoni atakhwima chiwerengerocho chinagwa mpaka kutsika pansi pa 10 miliyoni pachaka. Casio inasiyiratu kupanga makamera ang'onoang'ono mu 2018, ena anachepetsa kwambiri mitundu yawo. Choncho kamera yabwino yotchipa lero kawirikawiri imakhala yogwirapo ntchito kale, ndipo ine sindiona chovuta pamenepo bola muiyese ndi manja anu musanalipire. Dekhani posaka, chifukwa achinyamata ayambanso kuwakonda makamera amenewa ndipo ogulitsa ena akweza mitengo mopyola muyeso.

Poyesapo, iyatseni ndi kuizimitsa kangapo, mukumvetsera mmene lenzi ikutulukira ndi kubwerera. Ikamakhwekhwereza kapena kuima panjira, ibwezeni, popeza lenzi ndi imene imafa msanga m'makamera otere ndipo kuikonzetsa kumadula. Kokani zoom mpaka pamapeto, mujambule thambo kapena khoma loyera, kenako muone ngati pali mabanga akuda. Limenelo ndi fumbi lokhala pa sensa, ndipo silichoka popanda kumasula kamera yonse. Tulutsani batire, ikakhala yotupa, ndi yotha. Funsani ngati chaja ilipo, ndipo mugule batire yachiwiri, chifukwa imodzi imajambula zithunzi mazana awiri mpaka anayi basi. Makamera ndatchulawa onse amalandira makhadi a SD a masiku ano, koma mukakopeka ndi yakale kwambiri, dziwani kuti ina siwerenga khadi yoposa 2 GB kapena 32 GB, ndipo ina ya Olympus ndi Fujifilm imafuna khadi ya xD imene inasiya kupangidwa.

Tsiku la mpira, tembenuzani kagudumu ka pamwamba kaloze pa S, kapena pa Tv ngati ndi Canon, muike liwiro lojambulira pa 1/500 ya sekondi kapena lofulumira kuposa pamenepo, n'kuyatsa kujambula kotsatizana kuti mukadina kamodzi itenge zithunzi zingapo. Imani moti dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo musakoke zoom yonse mwanayo asanalowe m'kagalasi. Yambani mwamupeza, kenako mumuyandikitse pang'onopang'ono.