Matayala a ndege akakana kutsika, mutani?

Mmodzi mwa owerenga, amene akuphunzira kuyendetsa ndege ndipo angoyamba kumene kuuluka ndi Piper Arrow, ndege yaing'ono yomwe matayala ake amalowa m'kati ikanyamuka, wandilembera imelo. Akufunsa kuti: "Ndikatsitsa matayala kuti nditere, imodzi mwa nyale zitatu zobiriwira zija zosonyeza kuti matayala atsika ndi kukiyika n'kukana kuyaka, ndichite chiyani? Kodi kutera ndi mimba ndiye imfa?"

Si imfa ayi. Ndege yaing'ono ikatera ndi mimba pa phula imakhwekhwerezeka, pulopela n'kupindika, koma kawirikawiri anthu amatuluka okha akuyenda. Chimene chimapha ndi kuiwala kuyendetsa ndege maso onse ali pa nyale. Pa 29 Disembala 1972, ndege ya Eastern Air Lines, ulendo 401, inagwera m'dambo la Everglades ku Florida ndipo anthu 101 anafa. Oyendetsa onse anatanganidwa ndi nyale ya tayala lakutsogolo, osazindikira kuti ndege ikutsika pang'onopang'ono. Chonsecho tayalalo linali litatsika bwinobwino, vuto linali babu lakupsa basi. Mu 1978 ndege ya United Airlines, ulendo 173, inazungulira pafupifupi ola lathunthu kufupi ndi mzinda wa Portland ku America, oyendetsa akulimbana ndi matayala, mpaka mafuta anatha. Izi zinali ndege zikuluzikulu za oyendetsa angapo, pamene inu mwina mudzakhala nokhanokha.

Ndiye musakakamire kutera. Wonjezerani mphamvu ya injini, kwerani m'mwamba, talikirani pamene ndege zina zikuzungulira, ndipo auzeni a pa nsanja yolondolera ndege zimene zachitika. Onani mafuta amene atsala, mudziwe kuti muli ndi mphindi zingati. Ngati muli ndi mnzanu, iye azikuwerengerani buku la ndegeyo, inu manja ali pa chiwongolero.

Yambani ndi tinthu ting'onoting'ono. Sinthanitsani babu losayakalo ndi lina loyaka. Pa Arrow zambiri, mukayatsa nyale zakunja zoyendera usiku, nyale za matayala zimachepa mphamvu moti masana zimaoneka ngati zazima, ndipo zimenezi zaopseza anthu ambiri pachabe. Onaninso circuit breaker, batani imene imatuluka yokha n'kudula magetsi akachuluka. Ngati yatuluka, ibwezeni kamodzi kokha, ikatulukanso isiyeni.

Zikakanika, pali njira yotsitsira matayala pangozi, koma imasiyana ndege ndi ndege, n'chifukwa chake sindifuna kuti muloweze zanga m'malo mwa buku lanu. Pa Arrow mumachepetsa liwiro, n'kukanikiza kachitsulo kali pakati pa mipando, matayala n'kugwa okha ndi kulemera kwawo. Lina likanyinyirika, mumagwedeza mchira uku ndi uku ndi mapedulo kuti likhazikike. Pa Cessna 172RG ndi 210 mumapopa ndi dzanja mpaka pampu italimba. Pa Beechcraft Bonanza mumapukusa chogwirira chili kuseri kwa mipando yakutsogolo, maulendo pafupifupi 50, uku ndege ikufunabe woiyendetsa.

Kudutsa pafupi ndi nsanja kuti akuonereni kumathandiza pang'ono chabe. Angaone kuti tayala latsika, koma sangadziwe ngati lakiyika.

Tsopano tinene kuti zonse zakanika. Sankhani msewu woterapo ndege wa phula wautali, pa bwalo la ndege lomwe lili ndi ozimitsa moto. Ambiri amaganiza kuti kapinga ndi wofewa, koma dothi limatha kukola ndege n'kuitembenuza. Mangani malamba mwamphamvu, ndipo ngati buku likutero, tsegulani loko wa chitseko musanagunde pansi kuti chisadzakanirire ndege ikapindika. Tsikani pa liwiro la masiku onse. Mukatsimikiza kuti msewu muufika, tsekani mafuta, zimitsani injini ndi magetsi. Ngati lakana ndi tayala lakutsogolo, sungani mphuno m'mwamba, kenako muitsitse nokha mofatsa isanagwe yokha. Ngati ndi la mbali imodzi, terani ndi labwinolo, phiko linalo mulisunge m'mwamba mmene mungathere, ndipo yembekezerani kuti ndege ikhotera mbali yopanda tayalayo. Pa ndege zina ndi bwino kungobweza matayala onse n'kutera ndi mimba.

Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kuzimitsa injini muli kutali ndi msewu pofuna kupulumutsa pulopela. Mukaperewera, mulibenso mphamvu yokwerera, ndipo vuto laling'ono lasanduka lalikulu. Pulopela ndi injini asiyireni a inshuwalansi.

Ndege ikaima, tulukani nonse msanga mukaime patali. Koma zisanafike pamenepo, apempheni aphunzitsi anu kuti pa ulendo wotsatira mukwere m'mwamba ndithu, mukatsitse matayala ndi njira ya pangoziyo ndi manja anu, buku lili pamwendo.